USIKU UMENE MSEU UNAKHALA WATHU

Mwezi wa October ukafika kuno kwathu, munthu safunikira kuyang'ana pa kalendala kuti audziwe. Dzuwa limaswa mtengo, nyenje zimalira kosalekeza m'thengo, zitsime zimaphwa, ndipo mlimi aliyense maso amakhala ali kumwamba kuyembekeza cizimalupsa. M'mwezi womwewu, pa tsiku la 24, masukulu ndi maofesi amatsekedwa, asilikali amaguba, ndipo akuluakulu a boma amakhala pansi pa matenti kumvera zokamba. Acinyamata ambiri amalidziwa tsikuli monga chuthi cabe, tsiku locapa zovala kapena lokaceza ndi abwenzi pa msika.

Koma alipo ena pakati panu, awerengi, amene mukamva dzina la mweziwu mumakumbuka usiku umodzi umene simunagone. Unali usiku wa Lacisanu, pa 23 October 1964, kucera Loweruka. Mwana amene anali ndi zaka 10 usiku umenewo lero wapyola zaka 70, ndipo ambiri mwa amene anali kuomba ng'oma anatsikira kale kuli cete. Ncifukwa cace tati tiikambe nkhaniyi mboni zikalipo, kuti zitiongole pamene tapotoza.

Zikondwerero za boma m'dziko muno sizinayambe mu 1964 ai. Mbendera zinali kukwezedwa ndi kale lomwe, malipenga anali kulira, ndipo anthu akuda anali kuitanidwa kudzaona. Cacilendo usiku uja cinali cakuti woonerera uja anasanduka mwini phwando.

Tiyeni tibwerere pang'ono m'mbuyo, ku caka ca 1935. Caka cimeneco boma la atsamunda linasamutsa likulu la dziko la Northern Rhodesia kucoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka, ndipo m'nthawi ya Bwanamkubwa Sir Hubert Young kunakonzedwa sabata yathunthu ya madyerero, kumapeto kwa May kufikira kuciyambi kwa June. Zinakomana ndi caka cimene Mfumu George V ya ku Mangalande inakwanitsa zaka 25 pa mpando, kotero cimwemwe ca Azungu cinali pawiri. Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Masiku omwewo anchito a ku migodi anali atanyanyala nchito cifukwa boma linakweza mwadzidzidzi msonkho wa anthu okhala m'matauni. Zinayambira ku Mufulira, zinafika ku Nkana, ndipo pa 29 May apolisi anaombera khamu la anthu pa mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya napha anthu 6. Ku Lusaka kunali kulira malipenga, ku Luanshya kunali kulira maliro.

Pali kanthu kena ka caka cimeneco kosayenera kuiwalika. Pofufuza cimene cinacititsa kuti uthenga wa kunyanyala uyende msanga cotero m'makomboni, akuluakulu a boma anapeza kuti pakati pa oufalitsa panali magulu a gule wa mbeni, gule uja woguba monga asilikali, amene anyamata anali kuvina pa masiku opuma. Atsamunda anali kudziwa bwino lomwe kuti pamene ng'oma yasonkhanitsa anthu, pakambidwa zambiri zoposa nyimbo.

Kuno kum'mawa nzeru imeneyi anali nayo kale. Mu January 1898 asilikali a Angerezi ocokera ku Nyasaland anathira nkhondo Angoni a Mpezeni. Mikondo inalephera pamaso pa mfuti zazikulu. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondoyo, anagwidwa naomberedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Pambuyo pace mwambo wa Nc'wala unazima, pakuti olamulira atsopano sanafune kuona amuna mazanamazana atasonkhana ndi zishango ndi zibonga pamaso pa mfumu yao. Acewa nao mwambo wao wa Kulamba unaletsedwa mu 1934, ndipo gule wamkulu anakhala pa mkangano wosatha ndi amishoni. M'malo mwa izi ana a sukulu anapatsidwa tsiku la 24 May, lokumbukira kubadwa kwa Mfumukazi Victoria, lochedwa Empire Day. Nchito yao tsiku limenelo inali kufola pa mzere, kucitira ulemu mbendera ya eni ace, ndi kuimbira mfumu imene sanaionepo.

M'matauni munthu wakuda anali mlendo m'dziko lace lomwe. Anali kuyenda ndi citupa m'thumba, ndipo usiku ukagwa anafunika ciphaso cina kuti apezeke m'miseu ya kumayadi. M'masitolo ambiri ndi m'mabuchala a Azungu sanali kulowera pa khomo, anali kugulira pa kazenera ka m'mbali. Mu 1955 kunabweranso lamulo la Public Order, lakuti msonkhano uliwonse wa poyera, ngakhale ulendo wa gulu pa mseu, uyambe wapempheredwa cilolezo kwa a boma.

Mseuwo sunabwerere kwa eni ace tsiku limodzi. Mu March 1953 a Harry Mwaanga Nkumbula, mtsogoleri wa Congress, anatentha pamaso pa khamu ku Lusaka pepala la boma la Britain lofotokoza za Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland. Citaganyaco cinabwerabe caka comweco, koma anthu anali ataona ndi maso ao kuti pepala la Mzungu limapsa monga pepala lina lililonse. Mu 1960, pamene a Iain Macleod, nduna yoona za maiko olamulidwa ndi Britain, anafika ku Lusaka, Mama Julia Chikamoneka ndi amai anzao anakawacingamira atavula kumtunda, cinthu cimene mwa mwambo wathu mai wamkulu sacita pokhapokha zitafika pa mwana wakana phala. Caka cotsatira, mu 1961, zitupa zinatenthedwa, milatho inagumulidwa, mitengo inagwetseredwa m'miseu, makamaka ku zigawo za Kumpoto ndi Luapula. Ena anaphedwa, ndipo omangidwa anali zikwi. Taonani dzina limene cipwirikiti cimeneci cinapatsidwa: Cha Cha Cha, dzina la gule amene anali pa mbiri masiku amenewo.

Citaganya cinatha pa 31 December 1963. Pa masankho a mu January 1964 cipani ca UNIP cinatenga mipando 55 mwa mipando 65 ya anthu onse, ndipo a Kenneth Kaunda anakhala Nduna Yaikulu. Pa 6 July abale athu a ku Malawi anakweza mbendera yao. Anthu a m'malire, amene ambiri a iwo malume ao kapena apongozi ao ali tsidya lija, anamva ng'oma za anzao nayamba kuwerenga masabata otsala.

Sitingalumphe cisoni cimene cinagwa pakati pa masiku amenewo, ngakhale pa zokamba za tsiku la ufulu sicichulidwa kawirikawiri. Mu July ndi August 1964 kunabuka nkhondo pakati pa otsatira mpingo wa Lumpa wa mai Alice Lenshina ndi a cipani pamodzi ndi asilikali a boma. Inayambira ku Chinsali, ndipo pa 3 August inafika pa boma la Lundazi ndi midzi yozungulira. Ciwerengero ca boma lenilenilo cinati anthu oposa 700 anafa, ndipo zikwi zinathawira ku Congo. Motero pamene dziko linali kusoka mbendera ndi kuyeseza nyimbo, ku Lundazi ndi ku Chinsali manda anali akali awisi. Alipo mabanja kumeneko amene October wa 1964 anawapeza ali m'zisanza za maliro, ndipo ng'oma za ufulu anazimvera ali m'nyumba.

Cina cimene ovina sanacidziwe ndico cakuti tsiku la 23 lomwelo panali mlandu waukulu wosagamulidwa. Kampani ya British South Africa, ija ya Cecil Rhodes, inaleka kulamulira dziko lino mu 1924, koma inasungabe umwini wa miyala yonse ya pansi pa nthaka, ndipo mkuwa uliwonse wotuluka ku migodi unali kuilipira gawo lace. Atsogoleri athu, ndi a Arthur Wina monga nduna ya za cuma, anakana kulowa mu ufulu ndi goli limeneli. Kukambirana kunakoka mpaka madzulo a tsiku lomaliza, pa phwando la alendo ku nyumba ya Bwanamkubwa. Patatsala maola ocepa cabe kuti pafike pakati pa usiku, kampaniyo inavomera kusiya umwini wace polandira mapaundi 4 miliyoni, theka locokera ku Britain, theka ku Zambia. Pakadapanda cimeneci, mbendera ikadakwera pamwamba pa nthaka imene kunsi kwace kunali kwa eni ena.

Tsono usiku unafika. Bwalo latsopano la Independence Stadium, pafupi ndi Matero m'mbali mwa mseu wa Great North, linali litamangidwira tsiku lomweli, ndipo linadzaza anthu zikwizikwi. Mfumukazi Elizabeth II sanabwere yekha. Anatuma azakhali ace, Princess Mary, mlongo wa atate ace, wochedwa Princess Royal. Bwanamkubwa womaliza, Sir Evelyn Hone, anali pomwepo pamodzi ndi a Kaunda, munthu amene boma lomwelo linam'pitikitsira ku Kabompo ndi kum'ponya m'ndende mu 1959. Itakwana 12 koloko, mbendera ya Angerezi inatsika, ndipo ina inakwera: yobiriwira monga nthaka yathu m'dzinja, yokhala ndi mizere itatu pa ngodya, wofiira wa magazi a omenyera ufulu, wakuda wa anthu, ndi wa maonekedwe a lalanje woimira cuma ca pansi pa nthaka, pamwamba pace nkhwazi itatambasula mapiko. Anaijambula ndi mai Gabriel Ellison, Mzungu wobadwira mu Lusaka momwemo. Khamu linapfuula mau aja amene kwa zaka zambiri anali kutsegulira misonkhano ya cipani: Kwaca! Moto wa mitundumitundu unaphulika kumwamba, ndipo pa phiri loyang'ana mzinda anayatsa muuni waukulu wamkuwa. Nyimbo ya fuko inaimbidwa pa maimbidwe a nyimbo imene Enoch Sontonga anapeka ku South Africa mu 1897, imene anthu anali ataizolowera kale pa misonkhano ya ndale.

Izi ndi zimene zinalembedwa m'manyuzi ndi kujambulidwa pa kanema. Koma dziko lino linali ndi anthu pafupifupi mamiliyoni atatu ndi theka, ndipo ambiri a iwo anali m'midzi. Kucoka ku Lusaka kufika ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, pali makilomita oposa 550, ndipo masiku amenewo mseu wa Great East unali wa fumbi mbali yace yaikulu. Anakwera malole kukaona ndi maso anali owerengeka. Otsala onse ufulu unawafikira kudzera m'kabokosi.

Acikulire aikumbuka wailesi ija yobulungira ngati poto, imene Azungu anaicha Saucepan Special. Inayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mtengo wa mapaundi 5, ndipo inali kuyendera batire lalikulu lolemera. Anaikonza dala kuti anthu a m'midzi azimvera nyumba ya wailesi ya ku Lusaka, kumene mau a anthu onga a Alick Nkhata anali kumveka m'zinenero zathu. Boma la atsamunda linaifalitsa kuti lizilankhula ndi anthu. Silinaganize kuti tsiku lina bokosi lomwelo lidzalengeza za kutsanzika kwace. Pofika mu 1964 mawailesi ang'onoang'ono a mabatire a tochi anali atayambanso kufika ndi anyamata obwera ku migodi ndi ku Harare. Pa khomo la mphunzitsi, la mwini golosale kapena la mfumu, paliponse pamene panali wailesi, usiku umenewo panasanduka bwalo.

Ndipo kumwamba kunawakomera mtima. Mwezi unali utadzaza masiku awiri okha apitawo, kotero unatuluka anthu atangotha kudya nsima ya madzulo, ndipo pakati pa usiku unali utakwera. Aliyense wokulira kumudzi adziwa tanthauzo la mwezi wotere m'nyengo ya cilimwe, nchito za m'munda zisanayambe kukoka: ana sagona, atsikana sakhala pansi. Acikulire amasimba kuti amai anayamba kuviika cimera sabata yathunthu tsikulo lisanafike, pakuti mowa wa masiku asanu ndi awiri sufulumizidwa, ngakhale ndi ufulu womwe. Amasimba za ng'ombe zimene zinagwa, za mbuzi ndi nkhuku zosawerengeka, za njinga zomangiriridwa timbendera ta mapepala. Aliyense anavina cakwao. Angoni anaponda ngoma mpaka nthaka kunjenjemera, amai Acicewa anazungulira cimtali ndi citelele, zilombo zinatuluka kudambwe, Ansenga ndi Atumbuka nao anaturutsa zao. Gule ndi wa aliyense, kulakwa nkuthyola mwendo.

Pa maboma a m'zigawo nao mwambo wa mbendera unacitika. Pamenepo panali zooneka zimene wolemba masewero sakadazipeka. Bwana D.C., amene m'malo ambiri anali akali Mzungu, anaimirira pamodzi ndi atsogoleri a cipani amene dzana lomweli anali kuwalembera zikalata zowamanga. Amesenjala amene anali kutolera msonkho ndi kugwira osalipira anacitira ulemu mbendera yatsopano, anthu amene anawathamangitsapo m'thengo ali kuwayang'ana. Kuti usiku wotere unatha ndi nthungululu m'malo mwa zibonga, ndi cinthu cimene ife a pambuyo sitiyenera kuciyesa capafupi.

Kutaca, Loweruka pa 24, a Kaunda analumbira kukhala Pulezidenti woyamba wa Zambia ali ndi zaka 40. Waciwiri wao anali a Reuben Chitandika Kamanga, mwana wa kuno kum'mawa, ndipo a Grey Zulu, nao a ku Chipata, anali m'gulu la nduna. Mlungu umenewo kunali masewera a mpira ndi matimu ocokera ku maiko anzathu, magule, ndi mapemphero m'machalichi. Koma nkhani yokoma kuposa zonse inacitikira kutali, ku Japan. Anyamata athu anapita ku masewera a Olympic mu mzinda wa Tokyo monga a Northern Rhodesia. Masewerawo anatsekedwa pa 24 October pomwepo, ndipo pa mwambo wotsekera iwo analowa m'bwalo ndi dzina la Zambia. Anacoka kwao ali anthu a dziko lina, anabwerera ali a dziko lina, osasamuka.

Walira mvula walira matope. Ng'oma zitaleka, dziko linapezeka ndi anthu pafupifupi 100 okha amene anali ndi madigiri a ku yunivesiti. Patangotha caka cimodzi, pa 11 November 1965, Ian Smith analanda ulamuliro ku Rhodesia, njira ya kum'mwera inayamba kuvuta, ndipo mafuta a galimoto anayamba kugawidwa ndi makuponi. Mau aja a pa misonkhano, Kwaca ndi Ngwee, mu 1968 anakhala maina a ndalama zathu, ndipo nazonso zinaona zace m'zaka zotsatira. Izi ndi nkhani za tsiku lina.

Cimene cikhudza nkhani yathu ndi cimene cinacitikira phwando lenilenilo. Caka ndi caka tsiku la 24 October linali kukumbukiridwa, ndipo pa zaka 10 za ufulu, mu 1974, ku Lusaka kunavundukulidwa cipilala ca munthu wodula maunyolo, cokumbukira a Zanco Mpundu Mutembo. Koma tinene zoona: m'zaka za cipani cimodzi, kuyambira mu 1972, zikondwerero zambiri zinayamba kufanana ndi zija za atsamunda. Ana a sukulu anali kuimikidwa m'mbali mwa mseu kuyambira m'mamawa, timbendera kumanja, njala m'mimba, kuyembekeza galimoto zimene zinali kudutsa ngati mphepo. Misika inali kutsekedwa kuti anthu apite kukacingamira akuluakulu, afune asafune. Ngakhale lamulo lija la 1955 silinakwere sitima pamodzi ndi eni ace. Linatsala, ndipo maboma athu omwe analipeza lothandiza. Munthu angathe kutumidwa kukaimirira pa mseu, koma nthungululu yotumidwa imamveka kuti ndi yotumidwa.

Kusiyana kwace kunaoneka poyera mu 1990. Pa 27 February, patangopita masiku 16 citulukire m'ndende, a Nelson Mandela anafika ku Lusaka, kumene cipani cao ca ANC cinali ndi likulu lace pa zaka za kuthawa. Tsiku limenelo panalibe wofunika kukankhidwa. Anthu anadzaza mseu wa ku bwalo la ndege mwa kufuna kwao, pakuti dziko lino linali litaphulitsiridwapo mabomba cifukwa cosunga alendo amenewo. Patapita miyezi inai, mtengo wa unga utakwera koposa kawiri ndipo anthu atafa pa zipolowe, msilikali wina, Lieutenant Mwamba Luchembe, analengeza pa wailesi m'bandakuca wa pa 30 June kuti asilikali atenga boma. Anthu anathamangira m'miseu ya Lusaka akuimba ndi kuliza mahutala. Patangopita maola ocepa zinadziwika kuti boma silinagwe. Linali phwando la cinthu cimene sicinacitike, komabe olamulira anamva cimene mseu unanena. Pofika mu December caka comweco zipani zambiri zinaloledwa, ndipo pa 31 October 1991 kunacitika masankho amene anaika a Frederick Chiluba pa mpando.

Kwa ife a kum'mawa, mbali ina ya ufulu inafika mocedwa, ndipo inafika ndi ng'ombe yakuda. Mu 1980, patapita zaka 82 cicokere nkhondo ija, Nkhosi ya Makhosi Mpezeni III inadzutsanso Nc'wala. Taganizani zimenezo. Panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ovina amene anauvinapo mwambowo m'masiku a Nsingo. Unasungidwa m'kamwa mwa agogo, m'zithokozo za mafumu, m'mapondedwe a ngoma amene anyamata anali kuphunzira pa maukwati ndi pa maliro. Kuyambira pamenepo, kumapeto kwa February, mseu wopita ku Mtenguleni umadzaza amuna ovala zikopa, zibonga kumanja, ndipo mfumu imalawa zipatso zoyamba za m'munda anthu ace asanayambe kudya, nimwa magazi a ng'ombe yolasidwa ndi mkondo. Wapolisi amene akadabwera kale kudzabalalitsa gulu lotere, lero amabwera kudzaimitsa magalimoto kuti gululo lidutse.

Acewa anatsatira mu 1984, pamene Kalonga Gawa Undi X anadzutsa Kulamba patapita zaka 50. Ku Mkaika, m'boma la Katete, kumapeto kwa August mafumu ocokera mu Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera kudzapereka mitulo ndi kudzafotokoza za midzi yao, monga ngati malire aja anajambulidwa ku Ulaya kulibe. Mu 2007 atsogoleri a maiko atatuwa, a Levy Mwanawasa, a Bingu wa Mutharika ndi a Armando Guebuza, anakhala pamodzi pa bwalo limenelo. Gule wamkulu, amene ana a sukulu za mishoni anali kukwapulidwira, mu 2005 bungwe la UNESCO linam'chula kukhala cimodzi mwa zuma za mtundu wonse wa anthu. Tinganene mosaopa kuti cimene cinayambika pa Independence Stadium cinakamalizikira ku Mtenguleni ndi ku Mkaika.

Ofuna kudziwa m'mene usiku wa 1964 unamvekera m'thupi, koma anabadwa mocedwa, ali ndi usiku wao umodzi wofanizira nao. Pa 27 April 1993 ndege yonyamula timu yathu ya mpira inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon, ndipo anthu onse 30 anafa, 18 mwa iwo osewera. Anaikidwa m'mbali mwa Independence Stadium, bwalo lomwe lija la mbendera. Patapita zaka pafupifupi 19, pa 12 February 2012, mu Libreville momwemo, Chipolopolo inakomana ndi Ivory Coast pa masewera omaliza a cikho ca Africa. Mphindi 120 zinatha popanda cigoli, ndipo pa mapenate Stoppila Sunzu anaponya mpira umene unamaliza nkhani, 8 kwa 7. Kuno kwathu nthawi inali ca pakati pa usiku. Panalibe kalata ya kwa D.C., panalibe lole ya cipani, panalibe mphunzitsi wofoletsa ana. Anthu anangotuluka, m'makomboni ndi m'midzi momwe, ena osavala nsapato, akuomba mapoto, zigubu ndi makasu. M'mawa mwace, pobwera Christopher Katongo ndi anzace ndi cikhoco, mseu wocokera ku bwalo la ndege unatsekeka ndi anthu, ena ali m'mitengo, ena pa madenga.

A Kaunda anali m'bwalo ku Libreville usiku umenewo, nkhalamba ya zaka 87. Anamwalira pa 17 June 2021 ali ndi zaka 97. A Kamanga, a Zulu, a Wina, Mama Chikamoneka, onsewo anapita. A Alick Nkhata anaphedwa mu October 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukira dera la Mkushi. Otsala ndi inu amene usiku uja munali pa msana pa amai anu, kapena munatumidwa kukatola nkhuni zootcera nyama, kapena munagwira nyali pafupi ndi wailesi.

Tsamba lino lili kuyembekeza makalata anu. Tiuzeni mudzi wanu ndi mfumu yanu, wailesi inali pa khomo la yani, ng'ombe inaperekedwa ndi yani, ndiponso gule amene anavinidwa kufikira tambala woyamba. A ku Lundazi amene usiku uja simunatuluke m'nyumba, nanunso lembani. Ngati maso afooka, itanani mdzukulu agwire colembera.